Kukasaka Nyanja M'minda ya Tiyi

Chithunzi chidabwera pa WhatsApp usiku, magetsi atathima. Chidali cha mwala wofiirira, waukulu ngati chibakera cha munthu wamkulu, zibowo thupi lonse ngati chisa cha mavu. Pansi pake mwana wa achemwali anga, yemwe ali Fomu 3, adalemba kuti: "Amalume, ndapeza fossil. Ndi chinkhupule cha m'nyanja chakalekale. Ndafananiza ndi zithunzi za pa intaneti. Bwerani mudzaone nokha."

Ndidaseka ndekha mumdimamo. Nyanja yamchere ku Masambanjati? Kumapiri kuja, komwe madzi akumwa omwe amachita kukwera nawo chitunda ali pamutu? Komabe ndidaphunzitsapo jogalafe ndisanayambe zolembalemba, ndipo ndidaphunzira kuti mwana akabwera ndi mwala m'manja sumuyankha pafoni. Ukamukanira uli kutali, mawa sadzaweramanso kuti atole wina. Choncho Loweruka la Pasaka m'mamawa ndidali pa depoti ya Limbe. M'chikwama mudali malaya osinthira, kagalasi kokuzira zinthu, ndi kabotolo ka viniga. Mayi a kunyumba atakaona kabotoloko adandifunsa ngati ndikukakazinga tchipisi kumudzi. Ine ndidakumbuka kuti dzulo lake lomwelo, pa mapemphero a Lachisanu Loyera, tidali titamva za chinkhupule ndi vinyo wosasa. Zinthu ziwirizi zidayamba kalekale kuyendera limodzi.

Minibasi idadzaza monga mwa masiku onse, anayi pampando wa atatu. Pamapazi panga adaikapo thumba la usipa la mayi wina wa geni, moti fungo la nyanja lidatiperekeza njira yonse. Tidadutsa Chigumula, n'kukaima pa Bvumbwe, pomwe mabeseni a tomato, kabichi ndi karoti adatizinga m'mawindo galimoto isanaime n'komwe. Titachoka pamenepo nyumba zidayamba kupatukana, mpweya udazizira, ndipo pa kukhota kwina tiyi adangoti biriwiri, kuchokera m'mphepete mwa phula mpaka komwe maso alekezera.

Munthu wokulira ku Thyolo tiyi samuonanso, monga momwe wa ku Nkhotakota saonera nyanja. Koma ukakhalitsa m'tauni, maso amatsukika. Zitsamba zonse zametedwa mofanana pamwamba ngati tebulo, kutsika m'zigwa ndi kukwera m'zitunda. Apo ndi apo pali nkhalango ya bulugamu ya nkhuni za ku fakitale. Pakati pa kubiriwirako pamayenda anthu, madengu kumsana, mapulasitiki m'chiuno otchinga mame, manja onse awiri ali yakaliyakali kubudula masamba awiri ndi kansonga kake. Kutsogolo kapitawo akudikira ndi sikelo.

Mbewu imeneyi ndi mlendo. Henry Brown adayibzala ku Mulanje mu 1891, kenako idafalikira kuno. Esiteti ya Satemwa, ya m'munsi mwa phiri la Thyolo, adayitsegula Maclean Kay mu 1923. Manja othyola nawonso ambiri adali achilendo. Alhomwe ochokera ku Mozambique adalowa m'dziko muno mwaunyinji m'zaka zimenezo, napeza malo okhala pa minda ya azungu, malipiro ake thangata. Agogo athu aamuna adali m'gulu limenelo. Nthawi zonse ndikadutsa pano ndimaganiza za iwo. Tsiku limeneli ndinkaganizanso china: tiyi amakonda dothi lowawasa, ndipo amadana ndi laimu. Munda wa tiyi wokondwa chonchi umanena kanthu za mwala umene uli pansi pake. Ndidasunga mawuwo mumtima, kuti ndikawatulutse pabwalo.

Pa boma la Thyolo ndidatsika n'kukwera galimoto ina yolowera ku Makwasa, njira ya ku Thekerani yomwe imakatsikira ku Muona. Ku Makwasa n'komwe kuli Malamulo, mishoni ya Seventh-day Adventist yomwe idayamba mu 1902, ndipo poti lidali Loweruka, msewu udali waa ndi anthu a m'masuti ndi madiresi oyera, Mabaibulo kukhwapa. Chiperoni chidafulumira chaka chimenecho. Kamvula kake kosanyowetsa msanga koma kolowa m'mafupa kadatipeza ndikukambirana mtengo ndi wakabaza wa njinga yamoto.

"Madala, kachikwama kochepa chonchi, mukukagona kapena mukukangopereka uthenga?" adandifunsa titanyamuka.

"Ndikukaona mwala."

Njinga idachepetsa liwiro. "Wagolide?"

"Ayi, mwala chabe."

"Aaa, inu akuluakulu mumabisa. Mukalemera musatiiwale."

Masiku ano ukatchula mwala m'dziko muno, aliyense amamva ndalama. Ndidayesa kumufotokozera kuti pali miyala ina yomwe mtengo wake ndi nkhani imene yasunga, koma mphepo idauluza theka la mawu anga, ndipo theka linalo sadalikhulupirire. M'malo mwake adandifunsa ngati ndikudziwa tanthauzo la dzina la komwe tinkapita. Ndidati anene iye.

"Njati zinkasamba kumeneku. Agogo anga ankatero. Masamba njati."

"Inu munaionapo njati?"

"Pa chithunzi basi."

Khutu la munthu wa ku Thyolo limamvanso china m'dzinali, pakuti kuno ukati masamba, ambiri amaganiza za tiyi. Dzina limodzi lanyamula nyama yomwe idachoka ndi mbewu yomwe idabwera. Kupyola maesiteti, minda ya anthu wamba imayamba: timagawo ting'onoting'ono topachikika m'zitunda, chimanga chouma chosakanikirana ndi nandolo, chinangwa, mapeyala, ndi nthochi zomwe zikuyesa kubwerera pambuyo pa matenda a chisaka amene adapululutsa minda ya kuno. Kale malole ankachoka m'dera lino atasenza mikoko mpaka pamwamba.

Achemwali adandilandira ndi madandaulo a masiku onse, akuti ndaonda, akuti ndidawataya. Alamu adanditulutsira mpando pakhonde. Tisanamalize n'kulonjerana komwe, mwana uja adali ataima pakhomo, m'manja muli kanthu kokulunga m'kansalu.

"Iwe, amalume ako ayambe amwa tiyi," adatero mayi ake. "Mwalawo suthawa. Wakhala pawindo miyezi iwiri ngati mlendo wosatsanzika."

Adabweretsa tiyi wa mkaka ndi chinangwa chophika. Ndidapempha kuti sefa ndi makapu awiri apulasitiki zitsale patebulo, chifukwa ndidaona kuti zindithandiza.

Ndidayamba ndi kumufunsa mwanayo chomwe akudziwa. Adayankha mosajejema. Chinkhupule chomwe timasambira kuno ndi chomera choyanga pampanda, chipatso chake chikauma timasenda n'kutsala ulusi. Cha m'nyanja ndi nyama, ngakhale ilibe mutu, mtima kapena miyendo. Imamatirira pamalo amodzi moyo wake wonse, kukoka madzi kudzera m'tizibowo ta m'mbali, kusefa tizakudya tosaoneka ndi maso, n'kutulutsa madziwo pabowo lalikulu la pamwamba. Zomwe adaona pa intaneti, adati, dzina lake ndi Archaeocyatha. Adalitchula pang'onopang'ono ngati akuwoloka mtsinje pa miyala.

Ndidamuuza kuti dzinalo ndi lachigiriki, ndipo limatanthauza zikho zakale. Ndidalowetsa kapu imodzi mwa inzake, n'kusiya kampata pakati. Nyamazi zidali chonchi: chikho m'kati mwa chikho, chosongoka pansi ngati fanulo, makoma onse awiri obowokabowoka ngati sefa iyi, ndipo pakati pa makomawo pali timakoma tina tolumikiza. Ukadula chimodzi pakati, umaona ngati gudumu la njinga ndi masipoko ake. Zambiri zidali zazing'ono, zonga chala kapena chitsononkho. Chigoba chake chidali cha laimu, monga cha nkhono.

Zidaoneka koyamba zaka pafupifupi 525 miliyoni zapitazo, m'nyanja zosaya ndi zofunda za dera lomwe lero ndi Siberia. Nthawi imeneyo pamtunda padalibe mtengo, udzu kapena kachilombo koyenda. Zidachulukana mwamsanga n'kufalikira, ndipo pamodzi ndi tizamoyo tina tating'ono zidamanga zitunda za pansi pa madzi, m'badwo wina pamwamba pa zigoba za m'badwo wina, monga momwe chiswe chimakwezera chulu. Zidali m'gulu la nyama zoyamba kumanga motero, ma coral a lero asanabwere. Zotsalira zake zimapezeka m'mbali mwa mtsinje wa Lena ku Russia, m'mapiri a Anti-Atlas ku Morocco, ku Antarctica, ndi ku Flinders Ranges ku Australia, komwe mgodi wina wakale wotchedwa Ajax udapereka dzina ku banja lathunthu la nyamazi, Ajacicyathidae. Elkanah Billings adazilemba m'mabuku a sayansi mu 1861, atapenda miyala ya ku Labrador ku Canada, koma akatswiri adakangana kwa zaka zoposa 100 kuti kodi zimenezi n'zomera, ma coral kapena mtundu wapawokha. Mkangano udazirala atapeza zinkhupule zamoyo zokhala ndi zigoba zolimba za laimu m'mapanga a pansi pa nyanja.

"Nanga zinatha bwanji, amalume?"

Ndidati ufumu wake sudakhalitse. Pofika zaka pafupifupi 510 miliyoni zapitazo zambiri zidali zitafa, ndipo zochepa zomwe zidapulumuka sizidapyole nyengo yotchedwa Cambrian. Akatswiri ambiri amaloza chala kuchepa kwa mpweya wabwino m'madzi a m'nyanja, ndi kuphulika kwa ziphalaphala zamoto zochuluka kumpoto kwa Australia. Sizidasiye mdzukulu ndi mmodzi yemwe.

Apo m'pomwe adamasula kansalu kaja. Mwalawo udali wolemera kuposa maonekedwe ake, wofiira mwa dzimbiri, mwina mwachikasu, ndipo udandisiyira fumbi lofiira m'zala. Adautola m'chigwembe chomwe namondwe wa Freddy adakumba m'munsi mwa munda wawo mu Malichi 2023. Ndidadziwa chomwe udali ndisanauyandikize n'kumaso komwe, koma mlandu sagamula mboni zisanalankhule.

Ndidamutuma kukatola chigoba cha nkhono kuseri kwa bafa. Tidachiika m'mbale, ndipo iye mwini adadonthezapo viniga. Kuona maso a nkhono n'kudekha: patapita kamphindi timathovu tidayamba kutuluka, ting'onoting'ono, tondondozana ngati mikanda. Ataika khutu pafupi adamva kakuti tsii. Alamu, omwe ankaonetsa ngati nkhaniyo sikuwakhudza, adasendeza mpando. Kenako tidapala mwala uja ndi msomali mpaka padatuluka kaufa, n'kudonthezapo viniga yemweyo. Kaufako kadangonyowa n'kusanduka matope ofiira. Tidadikira. Zii.

"Mwina viniga wachepa," adatero mwanayo. Adathira wina. Zii.

Ndidamuuza kuti mboni imodzi sikwanira, chifukwa zigoba zina zakale laimu wake adalowedwa m'malo ndi mwala wamtundu wina, monga zidachitikira ku Ajax komwe kuja, ndipo zotero sizichita thovu. Ndidamupatsa kagalasi kuti ayang'ane zibowozo. Chopangidwa ndi chamoyo chimakhala ndi dongosolo: tizibowo tofanana kukula, tili m'mizere, khoma lakunja ndi lam'kati. Adayang'ana nthawi yaitali, akutembenuza mwalawo mbali zonse, mlomo ali chilumire.

"Palibe mzere," adatero potsiriza. "China chachikulu, china chaching'ono. China chakhota ngati njira ya chiswe."

"Ndiye ukuti n'chiyani?"

Adayankha ndi alamu, akuseka. "Ameneyo ndi lubwe. Yemwe amathira mumsewu uja. Ine ndinanena kalekale, koma poti sindinapite patali ndi sukulu."

Adalondola. Lubwe amabadwa pomwe pali mvula yambiri ndi kutentha. Kwa zaka zikwizikwi madzi amatsuka dothi, kuchotsa zonse zosungunuka n'kusiya chitsulo, chomwe chimagwirana n'kuuma gwa. Zibowo zake ndi njira za mizu, za chiswe, ndi malo omwe dongo lofewa lidakokoloka. Ntchito yomweyo ya mvula ndi yomwe idasiya bauxite pamwamba pa phiri la Mulanje, ku Lichenya, ndipo ndi yomwe idawawasitsa dothi lomwe tiyi amalikonda. Apa ndidatulutsa mboni yomwe ndidaisunga m'minibasi muja. Tiyi yense wa m'zitunda izi akuchitira umboni kuti pansi pano si pa mwala wa laimu.

Mwanayo sadalire, koma nkhope idagwa. Adayamba kukulunganso mwala wake mwakachetechete. Ndidamva chisoni chomwe mphunzitsi aliyense amachidziwa, cha kuthyola chinthu chomwe mwana wachisamala miyezi iwiri. Ndidati avale nsapato akandionetse pomwe adautola.

Chiperoni chidali chitayamba kutseguka. Tidatsika m'kanjira koterera pakati pa nandolo, ine ndikugwira mapesi, iye akudumpha ngati mbuzi. Chigwembecho chidali chakuya kuposa msinkhu wanga. Madzi saiwala khwawa: achemwali amati agogo ankanena kuti kale pamenepo padali kamtsinje, anthu n'kukafotsera polima. M'khoma la chigwembe dothi lidaonekera m'magawo ngati keke yodula: pamwamba lakuda la manyowa, kenako katondo wofiira wokhuthala, kenako mzere wa lubwe womwe mwala wake udachokera, ndipo pansi penipeni, pomwe madzi ankayenda, thanthwe lotuwa. Tidatsata madziwo mpaka pa dziwe lomwe amayi amachapira. Thanthwe la pamenepo lasalala ndi sopo ndi zovala za mibadwo ingapo, ndipo munthu amaona bwino mizere yake, yoyera ndi yakuda, yopindikapindika ngati nsalu yofinyidwa.

Ndidamuuza kuti agwade aike dzanja pamenepo. Mwala uwu amautcha gneiss. Mizere yapindika chonchi chifukwa nthawi ina thanthweli lidafewa ngati phula, lili makilomita ambiri pansi pa nthaka, litapsinjidwa ndi mapiri aakulu omwe lero kulibe. Miyala yambiri ya kum'mwera kuno idabadwa zaka pafupifupi 1,000 miliyoni zapitazo, n'kudzaphikidwanso pakati pa zaka 600 ndi 500 miliyoni zapitazo, pamene zigawo za dziko zinkagundana n'kupanga chimtunda chimodzi chotchedwa Gondwana, chophatikiza Africa, South America, India, Australia ndi Antarctica.

Adawerengera m'mutu, kenako adandiyang'ana. "Ndiye kuti ndi nthawi yomweyo ya zikho zija?"

Nthawi yomweyo. Pamene zinkhupule zinkamanga zulu zake m'madzi ofunda a ku Siberia ndi Morocco, mwala womwe iye adagwadapo udali m'ng'anjo pansi pa mapiri, pakatikati pa chimtunda. Masambanjati alibe zotsalira za nyamazo chifukwa thanthwe lake ndi lalikulu kwa izo, ndipo pa tsiku la chinkhoswe chawo lidali kotanganidwa kwina. Ngakhale laimu yemwe anthu amawotcha ku Chenkumbi ku Balaka adadutsa m'ng'anjo yomweyo, moti chilichonse chomwe chikadasungika m'menemo chidafufutika.

Sadachotse dzanja msanga. Mayi wina wochapa chapafupi adatiyang'ana, n'kufunsa ngati tataya ndalama m'madzi.

Pobwerera tidakwera kachitunda ka kuseri kwa mudzi. Kum'mawa mitambo idang'ambika, Mulanje n'kuonekera, phiri lomwe ana amaliyesa lakale kuposa zonse, chonsecho mwala wake uli ndi zaka pafupifupi 130 miliyoni zokha, khanda poyerekeza ndi thanthwe lochapira lija. Kumadzulo dziko limayamba kugwa, chitunda pambuyo pa chitunda, kutsikira ku chigwa cha Shire. Ndidamulozera kumeneko. Njati za m'dzina la mudzi wake zikadalipo kumunsiko, ku Lengwe ndi ku Majete. Ndipo pansi pa Lengwe ndi Mwabvi pali miyala yamtundu wina, yogona m'magawo, yosapsa, yomwe akatswiri amaitcha Karoo. Ndi ya banja limodzi ndi ya malasha a ku Mchenga kufupi ndi Livingstonia, ndi a ku Moatize ku Tete. Miyala yotero ndiyo imasunga masamba ndi mafupa.

Pamenepo ndidamusimbira za ulendo womwe umaposa wanga wa pa minibasi. Zaka pafupifupi 300 miliyoni zapitazo, Gondwana idali kufupi ndi kum'mwera kwenikweni kwa dziko, ndipo chigawo chino cha Africa chidakutidwa ndi madzi oundana okhuthala ngati mapiri. Madzi oundana otero amayenda, pang'onopang'ono, akukokolola miyala ndi kuinyamula. Atasungunuka adasiya chisakanizo cha matope ndi miyala chomwe ku South Africa amachitcha Dwyka, ndipo zofanana nazo zili pansi pa malasha a ku Tete ndi kumpoto kwa dziko lathu. Mu 1975 katswiri wa ku France, mayi Françoise Debrenne, adafotokoza zomwe zidapezeka m'miyala ina ya laimu ya m'kati mwa Dwyka ku South Africa: zikho zakale zija, makoma awiri, masipoko ndi tizibowo take. Ku South Africa kulibe thanthwe lomwe zikadachokera. Abale ake enieni ali m'mapiri a ku Antarctica. Zidafa m'nyanja yofunda, zidagona m'mwala zaka 200 miliyoni, kenako madzi oundana adazinyamula n'kudzazitula kuno, mayiko awiriwa asanasiyane. Zina zotero zapezekanso ku Namibia.

"Ndiye kuti sindinalakwe kwambiri," adatero. "Mwala ukhoza kubwera kuchokera kutali."

Sadalakwe kwambiri. Adangofunsa funso labwino pa chitunda cholakwika.

Usiku tidadya nsima ya nandolo wamuwisi, nyale ya sola ili pakati. Achemwali adadandaula kuti mamiliyoni athuwo akuwapweteketsa mutu, poti iwo miliyoni amaidziwa pa ndalama zokha, ndiponso sadayigwirepo. Ndidatenga rula ya mwanayo. Tiyerekeze kuti chaka chimodzi ndi milimita imodzi, kamzere kamodzi aka. Moyo wanga wonse sukwana chala. Tiyi yense wa Mulanje ndi Thyolo, kuyambira 1891, ndi wamfupi kuposa bolopeni. Chibwano cha munthu wakale chomwe gulu la Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage lidapeza ku Uraha ku Karonga mu 1991, cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi awiri ndi theka, ulendo wopita ku chigayo. Malawisaurus, chinyama cha khosi lalitali chomwe chifanizo cha mafupa ake chaima m'nyumba yosungiramo zakale ku Karonga, chili cha ku Zomba. Madzi oundana aja ali cha ku Dedza, komwe kukuzizirabe mpaka lero. Kuti ukafike kwa zikho zakale uyenera kuyenda kamzere ndi kamzere, kupyola Lilongwe, mpaka cha ku Kasungu.

"Nanga thanthwe lochapira?" adafunsa alamu.

"Limenelo mutuluka nalo m'dziko, kulowa mu Tanzania."

Achemwali adagwira pakamwa. Adati kuyambira mawa azichapa mwaulemu.

Mwanayo adafuna kudziwa ngati m'Malawi muli chinkhupule chanyama ngakhale chimodzi. Ndidati chilipo, ndipo n'chamoyo. M'nyanja yathu, momwe mudachokera usipa wa m'minibasi uja, muli zinkhupule za m'madzi opanda mchere. Chimodzi chimatchedwa Malawispongia echinoides, ndipo banja lonse lomwe akatswiri awiri a ku Italy, Renata Manconi ndi Roberto Pronzato, adachiikamo mu 2002, lokhala ndi abale m'nyanja ya Tanganyika ndi ya Ohrid ku Ulaya, adalitcha Malawispongiidae. Si mdzukulu wa zikho zakale zija, ndipo mafupa ake ndi tisingano tonga galasi, koma kadyedwe n'komweko, kusefa madzi mwakachetechete monga zidayambira kalelo. Dzina la dziko lathu lili m'kaundula wa zinkhupule za dziko lapansi, ngakhale asodzi ambiri sadamvepo.

Ndidamuuzanso za Dr. Elizabeth Gomani-Chindebvu, mayi wa Chimalawi amene adakumba ndi kupenda mafupa a ku Mwakasyunguti ku Karonga. Mu 1997 adatcha dzina kang'ona kakale, Malawisuchus, ndipo mu 2005 adatcha chinyama china Karongasaurus. Zinyama za Karonga zidayamba kudziwika m'zaka za m'ma 1920 kudzera mwa Frank Dixey, mkulu wa zofufuza miyala m'nthawi ya atsamunda, koma padafika tsiku lomwe mwana wa dziko lino adazitcha yekha maina. Mwanayo adafunsa kuti mayiyo adaphunzira chiyani ku sekondale. Ndidati zomwe iwe ukuphunzirazo. Kenako adafunsa mtengo wa basi ya ku Karonga, ndipo mayi ake adati nkhani yatha, anthu akagone.

M'mawa wa Pasaka kudacha kopanda mtambo. Ng'oma ndi nyimbo zinkamveka kuchokera ku matchalitchi a m'zitunda zitatu nthawi imodzi. Wakabaza wa dzulo uja adabwera kudzanditenga monga tidapanganirana, ndipo maso ake adathamangira pa chikwama changa kuona ngati chalemera.

Ndisanakwere ndidalowa m'nyumba kukatsanzika. Mwala uja udali utabwerera pawindo. Tsopano udakhala pa kapepala kong'ambidwa m'kope, ndipo pambali pake padali kachidutswa kotuwa ka mizere yoyera ndi yakuda, kakadali konyowa. Mwanayo adali atalawirira ku dziwe anthu asanadzuke. Usiku ndidali nditamuuza kuti mwala wopanda malo ndi tsiku lomwe udatoledwa uli ngati kalata yopanda adiresi. Pa kapepala koyamba adalemba malo, tsiku, kenako: "Lubwe. M'chigwembe cha Freddy. Sanachite thovu." Pa kachiwiri: "Gneiss. Pochapira. Wamkulu kwa chinkhupule." Padali kapepala kachitatu kopanda mwala, atangolemba nambala 3 pakona.

Kabotolo ka viniga ndidakasiya pawindo pomwepo.

"Mwaupeza mwala wanu, madala?" adafunsa wakabaza tikutsika chitunda.

"Ndaupeza."

"Ndi wa ndalama zingati?"

Ndidamuuza kuti ayang'ane kutsogolo, pakuti msewu udali woterera, ndipo gudumu linkalavula lubwe mbali zonse.